Ma hipster ndi nyimbo zawo: mafunso ndi mayankho

Pali anthu amene mukatchula nyimbo imene ikulira paliponse, m'minibasi, m'mabala ndi pa maukwati, amakwinya nkhope n'kunena kuti woyimbayo ankamukonda kale, asanatchuke. Ku America ndi ku Britain khalidwe limeneli linakula mpaka linakhala ndi dzina, zovala zake, madera ake ndi magazini ake. Pansipa pali mafunso amene okonda nyimbo amafunsa za anthu amenewa.

Kodi hipster ndi munthu wotani?

Dzinali limanenedwa pa achinyamata a m'mizinda ikuluikulu, makamaka ya ku America ndi ku Ulaya, amene amayesetsa kuti zokonda zawo zisafanane ndi za gulu. Nyimbo, zovala, khofi, ngakhale dera lochitako lendi, zonse amasankha atayamba aona kumene anthu ambiri akuthamangira, kenako iwo n'kulowera kwina. Anthu akamva dzinali amaona mnyamata wa ndevu zowirira, magalasi a mafelemu okhuthala, jinzi yothina ndi malaya akale ogula pa kaunjika, akupalasa njinga yopanda magiya, paphewa atakoleka kachikwama ka nsalu momwe muli malekodi.

Koma n'kovuta kupeza munthu amene amadzitchula yekha kuti ndi hipster. Wa punk amavomera kuti ndi wa punk, Mrasta amanyadira Urasta wake, pomwe hipster nthawi zonse amakhala uja ali apoyo. Dzinali munthu amachita kupatsidwa ndi ena, ndipo kawirikawiri amamupatsa monyoza.

Zinayamba liti?

Zinayamba kale kuposa mmene ambiri amaganizira, ndipo zinayambira pa nyimbo za anthu akuda. M'zaka za m'ma 1940, ku Harlem mu mzinda wa New York, oyimba jazz monga Charlie Parker, Dizzy Gillespie ndi Thelonious Monk ankakumana usiku m'malo ngati Minton's Playhouse n'kumayimba mtundu watsopano wa jazz wotchedwa bebop. Nthawi imeneyo nyimbo zotchuka zinali za swing, zovinira, ndipo ndalama zambiri ndi ulemu zinkapita kwa azungu otsogolera mabandi. Benny Goodman ndi amene ankatchedwa mfumu ya swing. Bebop inali yothamanga, yovuta kuyimba, yosavinika bwino. Inkafuna munthu wokhala pansi n'kutchera khutu.

Okonda bebop ndi amene anayamba kutchedwa ma hipster. Ankatengera kalankhulidwe ka oyimbawo, kapenanso kachipewa, kandevu ka pachibwano ndi magalasi a Gillespie. Ambiri mwa otengerawo anali achinyamata achizungu. Mu 1957 wolemba mabuku Norman Mailer analemba nkhani yotchedwa "The White Negro" yotamanda azungu oterewa, ndipo James Baldwin anamudzudzula pambuyo pake chifukwa choona moyo wa anthu akuda ngati chinthu chosangalatsa kuchitengera, osaona mavuto amene anabala moyowo. Baldwin ankanena zoona, ndipo funso limeneli la amene amapanga nyimbo ndi amene amapindula nazo silinachoke mpaka lero.

Nanga ma hipster a masiku ano anachokera kuti?

Dzinali linazilala kwa zaka zambiri n'kudzabweranso chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Malo amene amatchulidwa koyamba ndi Williamsburg, dera la ku Brooklyn mu mzinda wa New York, lomwe linali ndi mafakitale otsekedwa ndi lendi yotsika. Oyimba, ojambula ndi ophunzira omaliza kumene ku yunivesite anasamukira kumeneko chifukwa Manhattan inali itadula. Zofananazo zinachitika ku Shoreditch ndi Dalston mu London, ku Kreuzberg ndi Neukölln mu Berlin, ndi mu mzinda wa Portland ku Oregon. Ku South Africa anthu amatchula Braamfontein ndi Maboneng mu Johannesburg, komanso Woodstock ku Cape Town.

Magazini ya Vice, imene inayambira ku Montreal mu 1994 n'kusamukira ku New York mu 1999, inafalitsa kavalidwe ndi kalankhulidwe kawo. Pofika 2003 buku lowaseka lotchedwa The Hipster Handbook linali litatuluka kale, ndipo mu 2010 wolemba Mark Greif ndi anzake anatulutsa buku lofunsa kuti hipster anali ndani, ngati kuti nyengo yake yatha.

Amamvera nyimbo zanji?

Pakati pa zonse panali indie, nyimbo zotulutsidwa ndi makampani ang'onoang'ono odziyimira paokha, osati makampani akuluakulu amene lero atsala atatu: Universal, Sony ndi Warner. Makampani monga Rough Trade ndi Domino a ku London, Sub Pop ya ku Seattle ndi Merge ya ku North Carolina ndi amene ankadaliridwa. Mabandi a nthawiyo anali monga The Strokes, Yeah Yeah Yeahs, Animal Collective, Grizzly Bear, Fleet Foxes ndi LCD Soundsystem.

Koma si mtundu wa nyimbo umene unali pamtima pawo kwenikweni. Munthu yemweyo ankatha kumvera gitala wa ku Mali m'mawa, disco yakale ya ku Italy masana ndi hip hop yosadziwika ya ku Memphis usiku. Chimene chinkagwirizanitsa zonsezi n'choti anthu ambiri sankazidziwa, ndipo kuzipeza kunkafuna khama.

N'chifukwa chiyani amasiya kukonda woyimba akangotchuka?

Ili ndiye funso lenileni, ndipo mayankho ake alipo awiri. Loyamba ndi lomveka, lachiwiri ndi lochititsa manyazi.

Loyamba n'lakuti kutchuka kumasinthadi nyimbo nthawi zina. Bandi ikasayina mgwirizano ndi kampani yaikulu, pamabwera anthu ouza oyimba kuti nyimbo ifupike, mawu okhadzula achotsedwe, kolasi ifike msanga kuti wailesi iyike. Malo oyimbira amasintha: munthu amene ankaonera bandiyo m'kachipinda ka anthu 100, n'kumacheza ndi woyimba ng'oma akamaliza, tsopano ayenera kugula tikiti yodula n'kuima kutali m'bwalo la mpira. Chisoni cha munthu ameneyu n'chenicheni ndipo sindichipeputsa. Mkangano woti woyimba wadzigulitsa kwa amalonda ndi wakale. Bob Dylan atayamba kuyimba ndi gitala wa magetsi ku Newport mu 1965, ena mwa omukonda anamukuwiza. Nirvana itachoka ku Sub Pop n'kutulutsa Nevermind mu 1991, chimbalecho chinachotsa Dangerous ya Michael Jackson pa nambala wani mu January 1992, ndipo Kurt Cobain mwini wake anavutika mumtima ndi kutchuka kumeneko.

Lachiwiri n'lakuti nthawi zambiri nyimbo sizinasinthe ayi. Chimbale ndi chomwecho, mawu ndi omwewo, chasintha ndi chiwerengero cha omvera. Apa ndiye pamaonekera kuti munthuyo ankakonda zinthu ziwiri pamodzi, nyimboyo komanso ulemu wokhala mmodzi wa ochepa oidziwa. Ulemuwo ukatha, chikondi nachonso chimatha. Mu 2007 nyimbo ya Feist itagwiritsidwa ntchito potsatsa iPod, kachida ka Apple komverera nyimbo, inafika kwa anthu miyandamiyanda amene anali asanamvepo dzina lake, ndipo panali ena amene anaona ngati alandidwa katundu.

Ine mbali yachiwiriyi ndimaitsutsa ndi mtima wonse, chifukwa imamenya woyimba. Woyimba amalipira lendi, amagula zingwe za gitala, ali ndi ana a sukulu. Kumufunira kuti akhale wosadziwika n'cholinga choti inu muzioneka odziwa zinthu ndi kumufunira umphawi. Ngati mumapempherera kuti bandi imene mumaikonda ipeze bwino, dziwani kuti walira mvula walira matope: ikapeza bwino, khamu libwera, ndipo ena m'khamumo adzangodziwa nyimbo imodzi yokha.

Ndani ankagamula kuti nyimbo iyi ndi yabwino?

Kwa zaka pafupifupi khumi, tsamba la pa intaneti la Pitchfork linali ngati bwalo la milandu. Analiyambitsa ndi Ryan Schreiber ku Minneapolis chapakati pa zaka za m'ma 1990, kenako linasamukira ku Chicago. Chimbale chilichonse ankachipatsa malikisi kuyambira 0.0 mpaka 10.0, ndipo kadontho kaja kankachititsa kuti chigamulo chioneke ngati cha sayansi. Mu 2004 anapereka 9.7 ku Funeral, chimbale choyamba cha Arcade Fire, bandi ya ku Montreal imene ochepa ankaidziwa. Makope anatha m'masitolo, kampani ya Merge inavutika kukwaniritsa ofuna kugula. Chaka chomwecho anapereka 0.0 ku chimbale cha Travis Morrison, ndipo ntchito yake yoyimba payekha inalowa pansi.

Taonani chimene chinachitika apa. Anthu amene ankati sakufuna kuuzidwa zomvera ndi wailesi anapeza wina wowauza zomvera. Wolamula anasintha, koma kulamulidwa kunalipobe. Mu 2015 Pitchfork inagulidwa ndi Condé Nast, kampani ya magazini a Vogue ndi GQ, ndipo mu January 2024 kampaniyo inalengeza kuti ikuiphatikiza ku GQ, antchito ena n'kuchotsedwa.

Ndiye malire a nyimbo za ochepa ndi nyimbo za aliyense ali pati?

Sakhazikika, ndipo m'zaka za m'ma 2000 anaphwasuka kwambiri. Chimbale choyamba cha Arctic Monkeys, chotuluka mu 2006 pa kampani yaing'ono ya Domino, chinagulidwa makope oposa 360,000 m'sabata yoyamba ku Britain, pambuyo poti okonda bandiyo anafalitsa nyimbo zake pa intaneti. Mu February 2011 Arcade Fire inapata mphoto ya Grammy ya chimbale cha chaka, kugonjetsa Eminem, Lady Gaga ndi Katy Perry, ndipo pa Twitter anthu ambiri ankafunsa kuti bandi imeneyi ndi ya kuti. Chaka chotsatira Bon Iver anapata mphoto ya woyimba watsopano. Adele, amene palibe angamutchule wosadziwika, anatulutsa chimbale chake cha 21 kudzera ku XL Recordings, kampani yodziyimira payokha ya ku London.

Amalonda anaphunzira msanga kuti kudana ndi malonda nakonso kumagulitsa. Mowa wotchipa wa Pabst Blue Ribbon, umene malonda ake anali akutsika kwa zaka zambiri, unadzukanso chifukwa achinyamata a ku Portland ndi ku Brooklyn anaukonda poona kuti sutsatsidwa pa TV. Kampaniyo itazindikira, inayamba kuthandiza mwakachetechete timaphwando tawo m'malo molipira zotsatsa zaphokoso. Wolemba Thomas Frank anali atafotokoza kale mu 1997, m'buku lake The Conquest of Cool, kuti otsatsa malonda akhala akudyera pa mtima woukira wa achinyamata kuyambira m'ma 1960.

Ngati aliyense akufuna kusiyana ndi anzake, bwanji amafanana onse?

Katswiri wa masamu Jonathan Touboul anafufuza funso limeneli. Anasonyeza kuti anthu ambiri akamathawa zimene gulu likuchita, koma n'kumachedwa kuzindikira kuti gululo lasintha, amathera pothawira mbali imodzi nthawi imodzi. Mu 2019 magazini ya MIT Technology Review italemba za kafukufukuyu, bambo wina anaiopseza kuti aisumira chifukwa choika chithunzi chake popanda chilolezo. Atafufuza anapeza kuti wa pachithunziyo anali munthu wina, wa ndevu ndi chipewa ngati zake.

Bwanji amakonda malekodi pamene nyimbo zonse zili pa foni?

Chifukwa chakuti zonse zili pa foni. Kale kudziwa nyimbo yosowa kunkatanthauza kuti munayenda, munafunsa, munawononga ndalama. Napster itabwera mu 1999, YouTube mu 2005 ndi Spotify mu 2008, mwana aliyense wokhala ndi intaneti akanatha kupeza m'mphindi imodzi zimene wina anazisaka zaka zisanu. Lekodi inabwezeretsa khama lija.

Koma pali zambiri kuposa kudzionetsera. Kusaka malekodi kuli ngati kufika pa kaunjika m'mamawa belo litangotsegulidwa: mumapindira msana pa bokosi, zala zikuda ndi fumbi, mukudutsa zimbale makumi asanu zopanda pake, kenako mwagwira chimodzi chimene chikuto chake chokha chakuimitsani mtima. Mukafika kunyumba mumachitulutsa mogwira m'mphepete, kupukuta, kutsitsa singano pang'onopang'ono, kumva kuthetheka kuja nyimbo isanayambe. Pakatha mphindi makumi awiri muyenera kudzuka kukatembenuza. Simungadumphe nyimbo mosavuta, ndiye mumamvera zonse, ngakhale zija zimene poyamba sizinakukomereni. Kamvedwe kameneka ndi kabwino, ndipo amene anakasunga pamene masitolo a malekodi ankatsekedwa ayenera kuthokozedwa.

Mwambo wa Record Store Day unayamba mu 2008 pofuna kupulumutsa masitolo ang'onoang'ono. Pofika 2022, malinga ndi RIAA, bungwe la makampani a nyimbo a ku America, ku America kunagulidwa malekodi 41 miliyoni pomwe ma CD anali 33 miliyoni, koyamba malekodi kuposa ma CD chiyambire 1987. Ndipo amene akugulitsa malekodi ambiri masiku ano ndi oyimba ngati Taylor Swift, moti mabandi ang'onoang'ono akhala akudandaula kuti amadikira miyezi pa mzere wa mafakitale odinda malekodi.

Kodi zokonda za munthu pa nyimbo zimagwirizana ndi ndalama ndi maphunziro ake?

Zimagwirizana kwambiri, ngakhale sitikonda kuvomera. Katswiri wa ku France Pierre Bourdieu, m'buku lake la 1979 lotchedwa La Distinction, anasonyeza kuti zimene anthu amati n'zokoma kapena n'zachabechabe zimatsata banja lomwe anakulira ndi sukulu imene anaphunzira, ndipo anthu amagwiritsa ntchito zokonda zawo pomanga mpanda pakati pa iwo ndi amene amawaona otsika. Sarah Thornton, pofufuza malo ovinira a ku Britain mu 1995, anapeza kuti achinyamata nawonso ali ndi chuma chawo cha mtundu umenewu: kudziwa DJ woyenera, kalabu yoyenera, nyimbo isanafike pa wailesi.

Mu 1996 Richard Peterson ndi Roger Kern anaonanso kuti anthu apamwamba a ku America asiya kudzitama ndi opera yokha, ayamba kudzitama ndi kumvera zamitundumitundu. Apa ndi pamene hipster amakwanira bwino. Ambiri anali ophunzira koma opanda ndalama zambiri, ogwira ntchito m'malesitilanti ndi m'masitolo digiri ili m'thumba. Munthu wotere sangapikisane ndi anzake pa galimoto kapena nyumba, koma angapikisane pa kudziwa. Ndikaganizira zimenezi ndimawamvera chisoni kuposa kukwiya nawo, ngakhale kunyoza kwawo kumapweteka amene akunyozedwayo.

N'chifukwa chiyani anthu ambiri amadana nawo?

China ndi matama aja. Koma chachikulu ndi nkhani ya nyumba. Achinyamata amenewa akalowa m'dera la anthu osauka chifukwa cha lendi yotsika, pamatsegulidwa malo omwera khofi, mabala ndi malo oyimbira. Deralo limatchuka, eni nyumba amakweza lendi, ndipo mabanja amene akhala kumeneko mibadwo iwiri kapena itatu amasamuka. Ku Williamsburg ambiri mwa osamukawo anali ochokera ku Puerto Rico ndi Dominican Republic. Mu 2005 akuluakulu a mzinda wa New York anasintha malamulo a malo kuti m'mbali mwa mtsinje mumangidwe nyumba zosanja zodula.

Kenako moto unafika kwa amene anauyatsa. Mu 2014 malo atatu oyimbira amene mabandi ang'onoang'ono ankadalira ku Williamsburg, 285 Kent, Death By Audio ndi Glasslands, anatsekedwa, ndipo Vice inasamutsira maofesi ake pamalo omwewo. Ku London, mu September 2015, anthu ochita zionetsero anathira penti sitolo ya Cereal Killer Cafe pa Brick Lane, yomwe inkagulitsa mbale ya chakudya cha m'mawa cha cereal pa mapaundi angapo m'dera la Tower Hamlets, limodzi mwa madera a umphawi waukulu mu mzindawo. Mkwiyowo ndi womveka, koma unagwera pa chimene chinali pafupi. Amene amakweza lendi ndi kusintha malamulo a malo savala jinzi yothina, ndipo saoneka pa msewu.

Kodi ndi za azungu okhaokha?

Ambiri anali azungu, ndipo nkhaniyi inakambidwa poyera. Mu 2007 Sasha Frere-Jones analemba mu The New Yorker kuti indie rock yataya kugunda ndi kuvinika kumene rock inatengera kwa anthu akuda. Ena anamutsutsa, koma mkanganowo unali wofunika. Oyimba akuda analipo ndithu: TV on the Radio, Santigold, Kele Okereke wa Bloc Party. Chikondwerero cha Afropunk, chimene chinayamba ku Brooklyn mu 2005 potsatira filimu ya James Spooner, chinabadwa chifukwa achinyamata akuda okonda punk ndi rock ankadziona alendo m'malo amenewa. Mu December 2017 chinachitikira ku Johannesburg.

Kodi zimenezi zikukhudzana bwanji ndi nyimbo za kwathu kuno?

Zikukhudzana mwachindunji. Esau Mwamwaya, Mmalawi amene anakulira ku Lilongwe, ankagulitsa mipando ndi katundu wina wakale m'kasitolo ka ku Clapton, kum'mawa kwa London. Kumeneko anadziwana ndi Etienne Tron ndi Johan Hugo, opanga nyimbo a gulu la Radioclit, ndipo anapanga The Very Best. Mu 2008 anatulutsa nyimbo zaulere pa intaneti, Esau akuyimba m'Chichewa, ndipo masamba a nyimbo a ku America ndi ku Britain anazilandira ndi manja awiri. Chimbale chawo cha 2009, Warm Heart of Africa, chinali ndi Ezra Koenig wa Vampire Weekend komanso M.I.A. Achinyamata a ku Brooklyn ankavina nyimbo za m'Chichewa pamene Amalawi ambiri anali asanamve dzina la gululo. Mu 2016 The Very Best inajambula ndi Mumford & Sons ndi Baaba Maal ku Johannesburg.

Nkhani ya ku Zambia ndi yokhudza mtima kwambiri. M'zaka za m'ma 1970 kunali Zamrock, rock ya magitala okalipa yosakaniza ndi kayimbidwe ka kumeneko: WITCH, Amanaz, Ngozi Family ya Paul Ngozi, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga. Mtengo wa kopa utagwa chuma chinasokonekera, ndipo Edzi inatenga oyimba ambiri. Emmanuel "Jagari" Chanda, woyimba wa WITCH, anakhala mphunzitsi, kenako n'kumakumba miyala ya mtengo wapatali. Amene anafukula zimbalezi anali osaka malekodi a kunja. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbo za WITCH mu 2012, Jagari anabwerera pa nsanja ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2023 gululo linatulutsa chimbale chatsopano, Zango, patatha zaka pafupifupi 40. Mu 2024 Tyler, the Creator anagwiritsa ntchito nyimbo ya Ngozi Family m'chimbale chake chimene chinafika pa nambala wani ku America.

Madalitso Band nayonso, Yobu Maligwa ndi babatoni wake ndi Yosefe Kalekeni pa gitala, inkayimba m'misewu ya ku Lilongwe anthu akungodutsa. Itayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kampani yaing'ono ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa nyimbo zawo, ndipo akhala akuzungulira Ulaya. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Zimandipweteka kuti tinadikira mlendo kuti atiuze kuti babatoni ndi chida cholemekezeka, koma sindingakane kuti khutu losaka zachilendo lija linachita ntchito yabwino pamenepa.

Nanga si kudyera masuku pamutu oyimba a ku Africa?

Zimatengera mmene zachitikira. Mafunso ake ndi osavuta: kodi woyimba kapena banja lake anavomera? Mgwirizano unalembedwa? Ndalama zikufika? Dzina lake lili pa chikuto? Brian Shimkovitz, amene anayambitsa Awesome Tapes From Africa mu 2006 poika makaseti a ku Africa pa intaneti, anadzudzulidwa ndi ena pa nkhani ya chilolezo. Atasandutsa ntchitoyo kampani mu 2011 anayamba kusaka oyimbawo n'kumagawana nawo phindu pakati ndi pakati. Hailu Mergia wa ku Ethiopia, amene ankayendetsa takisi ku Washington, anayambiranso kuyimba padziko lonse kudzera m'njira imeneyi.

Vuto lina ndi losaoneka msanga. Msika umenewu umakonda Africa wa mtundu umodzi: wakale, wa zida zopanga pamanja, wojambulidwa mosalongosoka. Mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Matero mu Lusaka amene akupanga nyimbo zamakono pa kompyuta, zomwe anzake akuvinadi, amaoneka ngati si weniweni mokwanira. Pamenepo mlendo wayamba kutisankhira chimene chili chathu, ndipo sitiyenera kuvomera.

Kodi ma hipster akadalipo?

Ndevu, khofi wofulula mosamala ndi mababu olendewera opanda chovindikira zinafika m'mahotela ndi m'mabwalo a ndege, moti sizisiyanitsanso munthu. Pa nyimbo, kunyoza zotchuka kunatha mphamvu. Kuyambira pamene Kelefa Sanneh analemba mu The New York Times mu 2004 kudzudzula olemba amene amaona rock yokha ngati nyimbo zenizeni, olemba ambiri anayamba kulemekeza pop, R&B ndi hip hop, ndipo Pitchfork yomwe inayamba kutamanda Beyoncé. Lero TikTok imatha kutenga nyimbo ya 1985 ya Kate Bush, itamveka mu sewero la pa Netflix la Stranger Things, n'kuithandiza kufika pa nambala wani ku Britain mu 2022. Ifenso tinaona mmene nyimbo ya agogo Giddes Chalamanda inafalikira pa TikTok iwo atapitirira zaka 90. Chinsinsi sichikhalanso chinsinsi kwa sabata.

Mtima wofuna kuoneka wodziwa kuposa anzako sunathe. Unangosamukira kwina, kwa amene amati amapiano anali abwino asanatuluke m'makomboni a ku Gauteng, kapena Afrobeats inawonongeka itayamba kulandira ma Grammy.

Ndikufuna kumva nyimbo zimene wailesi siyika. Ndiyambire pati?

Yambirani pa chikuto cha chimbale chimene mumachikonda kale. Onani amene anachijambula, amene anayimba besi, kampani imene inachitulutsa, ndipo tsatirani mayina amenewo. Mverani mawailesi a pa intaneti monga NTS ya ku London kapena KEXP ya ku Seattle, komwe munthu ndi amene amasankha nyimbo, osati makina. Funsani amalume anu za makaseti amene anasunga m'sutikesi. Nyimbo za Daniel Kachamba, Allan Namoko kapena Robert Fumulani si zonse zimene zili pa intaneti, ndipo tepi ikavunda zapita. Pitani kumene oyimba osadziwika akuyimba, mufike msanga kuti muonenso amene akutsegulira anzawo.

Mukapeza woyimba amene wakugwirani mtima, uzani anthu, ndipo mulipireni. Kuyambira 2024, nyimbo imene sinamvedwe ka 1,000 m'miyezi 12 silandira kalikonse pa Spotify, ndiye woyimba wamng'ono sangadalire kumeneko. Pa Bandcamp, tsamba la pa intaneti logulitsirapo nyimbo, gawo lalikulu la ndalama imene mwalipira limapita kwa woyimba kapena kampani yake. Kwa oyimba a kwathu, tikiti ya pakhomo, CD yogula m'manja mwawo kapena ndalama yotumiza pa foni imafika tsiku lomwelo.